Perefyumu wa utsi safuna mphuno yopupuluma

Pa TikTok, pa YouTube ndi paliponse pamene okonda maperefyumu amakumana pa intaneti pali mkangano umene ukukana kuzirala. Munthu akangoonetsa botolo latsopano, mafunso amene amabwera ndi awiri okha: amakhala maola angati pathupi, nanga amamveka patali bwanji? Gulu lina likunena mosabisa kuti perefyumu wodula amene sadzaza chipinda mwini wake asanakhale n'komwe pampando ndi kubera anthu ndalama. Gulu lina, lochepa koma losagonja, likuti miyezo imeneyi ndi ya anthu osamva bwino fungo. Amene akupwetekeka kwambiri pa mkanganowu ndi maperefyumu a fungo la utsi ndi lofunda, opangidwa ndi timakampani timene timatchedwa niche, tija timapanga mabotolo ochepa n'kumagulitsa m'masitolo owerengeka. Amenewa amanyozedwa pawiri. Wina amanunkhiza kapepala koyesera kopoperedwa perefyumuyo kwa mphindi imodzi n'kunena kuti akununkha nyumba yopsa. Wina amadandaula kuti pofika masana sakumvekanso kwa munthu amene waima pakhomo. Ine ndili kumbali ya ochepawo, ndipo mfundo yanga ndi iyi: ubwino wa perefyumu wa utsi uli pa mmene amasinthira kuchokera pamene wathiridwa mpaka pamene akutha. Womuweruza ndi kapepala, ndi wotchi kapena ndi mtunda akumufunsa zinthu zimene sanapangidwire, ndipo kaweruzidwe kameneka kayamba kale kuwononga zimene opanga akutibweretsera.

Kuti tisakangane za m'malere, titenge perefyumu mmodzi weniweni. Mu 2006 kampani ya Le Labo ya ku New York inatulutsa Patchouli 24, wopangidwa ndi Annick Ménardo, mayi wa ku France yemwenso anapanga Bvlgari Black mu 1998. Mukangomupopera pakhungu, chimene chimakulonjerani ndi utsi wakuda, wowawa, wa nkhuni zosauma bwino, wosakanikirana ndi fungo la phula ndi la chikopa chowamba. Mulibe maluwa okupepesani, mulibe mandimu okutsegulirani njira. Anthu ambiri amathawira pomwepa. Koma mukapirira kwa theka la ola, ukali wa phula uja umayamba kugonja, ndipo pansi pake pamatuluka kanthu kotsekemera kamene poyamba simungakatchule dzina. Pakatha maola awiri kapena atatu kanthuko kamadziulula kuti ndi vanila, vanila wouma, wodetsedwa ndi mwaye, wogwirana ndi utomoni wa styrax, wotalikirana kwambiri ndi uja wa m'keke. Madzulo utsi umakhala utatsala wochepa, wongokwanira kuletsa kutsekemerako kuti kusakole. Malaya amene munavala tsikulo, mukawanunkhiza mawa lake, amanunkhira nkhuni zofunda ndi vanila, ndipo munthu amene sanamve za dzulo m'mawa sangakhulupirire kuti ndi perefyumu yemwe uja. Pa nkhope zonsezi palibe imene mungaloze n'kunena kuti yeniyeni ndi iyi. Chimene Ménardo anapanga ndi kusinthako, ndipo amene wangomva mphindi zisanu zoyamba sanakumane nacho.

Kusinthaku si matsenga, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Perefyumu ndi msanganizo wa zinthu makumi angapo zosungunulidwa mu sipiriti. Sipiritiyo amauluka nthawi yomweyo, kenako chilichonse mwa zotsalazo chimachoka pakhungu pa liwiro lake. Mamolekyu (tizigawo ting'onoting'ono ta zinthuzi) opepuka, monga a m'makoko a mandimu ndi malalanje, amapita ola lisanathe. A maluwa ndi a zokometsera ngati sinamoni amakhalako maola angapo. Olemera, a utomoni, a mitengo ndi a vanila, amatha kugona pansalu masiku. Jean Carles, katswiri wa ku Grasse, mzinda wa ku France, amene anayambitsa sukulu ya opanga maperefyumu ku kampani ya Roure mu 1946, ankaphunzitsa ophunzira ake kugawa zipangizo m'magulu atatu motsatira liwiro limeneli, ndipo mpaka lero maperefyumu amalongosoledwa choncho: zapamwamba, zapakati ndi zapansi. Choncho wopanga aliyense amadziwa kuti chimene wasakaniza sichidzaima malo amodzi chikangotuluka m'botolo. Chimene ayenera kusankha n'chakuti agwire ntchito limodzi ndi kusinthaku kapena akupondereze. Waluso amawerengeratu kuti ichi chikamachoka chisiyire malo chakuti, ndipo kuti pamene ziwirizi zikudutsana pasamveke phompho.

Pa nkhani ya utsi luso limeneli limafunika koposa, chifukwa zipangizo zake n'zaukali. Phula la birch limapezeka potenthetsa makungwa a mtengowo m'chotengera chotsekedwa, mopanda mpweya wokwanira kuti ayake. Mafuta a cade amachokera ku mtengo wa Juniperus oxycedrus, wa m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, wotenthetsedwa mofananamo. Kadontho kamodzi kamamveka pamwamba pa china chilichonse, n'chifukwa chake utsi ndi umene umayamba kulankhula ngakhale kuti zambiri za m'phulamo n'zokhalitsa. Tsono apa pali chinthu chimene chimandisangalatsa kuposa zonse pa nkhaniyi. Imodzi mwa mamolekyu amene amapatsa utsi wa nkhuni fungo lake ndi guaiacol. Molekyu yomweyi ndi imene mafakitale amayambira popanga vanillin, mwini fungo la vanila, ndipo vanillin wochuluka amene dziko likugwiritsa ntchito lero amachokera kumeneko osati ku nyemba za vanila. Kwenikweni vanillin ndi guaiacol amene amuwonjezera kachigawo kamodzi. Mu thabwa lililonse muli chinthu cholimbitsa mtengo chotchedwa lignin, chimene chikatenthedwa chimatulutsa zonse ziwiri, n'chifukwa chake mowa wosungidwa m'migolo ya oak yowaulidwa mkati umatenga kafungo ka vanila. Utsi ndi vanila ndi apachibale. Wopanga akaziika pamodzi, utsi ukamazirala mphuno imatsetserekera mu vanila osazindikira pamene padukira. Aja amati perefyumu wayamba moipa koma watha bwino sanaone kuti mathero okomawo akudalira chiyambi chomwecho. Chotsani phula, vanila wotsalayo ndi wa maswiti.

Kufundako nako kuli ndi magwero ake, ndipo onse ndi a zinthu zosafulumira. Pali labdanum, utomoni womata wa chitsamba cha Cistus ladanifer chimene chimamera kwambiri ku Spain ndi ku Portugal. Kale ku Crete ndi ku Cyprus utomoni wa zitsamba za mtundu umenewu ankachita kuupesa ku ndevu ndi ubweya wa mbuzi zimene zadya m'tchiremo. Pali benzoin wa mitengo ya Styrax ya ku Laos ndi ku Sumatra, nyemba za tonka za ku Venezuela ndi ku Brazil, ndi lubani wa ku Oman ndi ku Somalia. Zonsezi zimafuna kutentha kwa thupi kuti zimasuke. Pa kapepala kozizira ka m'sitolo zimangokhala duu, kotero kuti wogula amamva ukali wa pamwamba wokhawokha popanda choufewetsa. Ambre Sultan, amene Christopher Sheldrake anapangira kampani ya Serge Lutens mu 1993, poyamba amamveka masamba ouma a oregano ndi bay, owawa ndithu. Pakhungu, ola likadutsa, m'pamene utomoni umakwera n'kuwameza. Lonestar Memories wa Andy Tauer, wasayansi wa ku Zurich amene anadziphunzitsa yekha kupanga maperefyumu, anatuluka mu 2006. Amayamba ndi phula lokhoza kubwezera munthu m'mbuyo, koma amakathera mu mure, tonka ndi sandalwood. Kapepala kakhoza kukuuzani ngati mukufuna kuyesa perefyumu pathupi. Zoposa apo sikadziwa.

Tsopano timve otsutsa, ndipo ndiyambe ndi amene mfundo yawo imandigwira mtima. Iwo amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Munthu amadzipopera m'mawa, n'kukwera basi, n'kulowa mu ofesi, ndipo anthu amene akukumana nawo sadzamutsata mpaka masana kuti akamve vanila. Chimene amva ndi utsi basi, ndipo kwa ambiri utsi pa zovala umatanthauza munthu amene wachoka pamoto osasintha malaya, wosuta fodya, kapena chinthu chimene chapserera. Amafunsa kuti munthu angalipire bwanji ndalama zambirimbiri kuti avale fungo limene ena amachapa kuti lichoke. Mbali imodzi ya mfundoyi ndikuivomera. Theka la ola loyamba la perefyumu wa phula ndi la mwini wake yekha, ndipo wodzipopera kasanu n'kutuluka nthawi yomweyo akulakwira anzake. Koma kulakwa kumeneku n'kwa wovala, ndipo mankhwala ake ndi osavuta: kupopera kamodzi kapena kawiri, pachifuwa mkati mwa malaya, nthawi yotuluka idakali patali, kuti pofika pagulu ukali uja ukhale utatsika.

Mbali inayo sindikuivomera, chifukwa utsi wa m'botolo ndi wosiyana ndi wa pa malaya a dzulo. Wa pamalayawo uli ndi mwaye, thukuta ndi mafuta opserera amene agona. Wa m'botolo ndi wosankhidwa ndi woyeretsedwa: bungwe la IFRA, limene linakhazikitsidwa mu 1973 ku Geneva ndipo limaika malire pa zipangizo za maperefyumu, limaletsa phula la birch ndi mafuta a cade osayengedwa chifukwa mumakhala zinthu zimene zingayambitse khansa, ndipo limalola okhawo otchezedwanso. Komanso maganizo akuti utsi ndi fungo la umve si a anthu onse kapena a nthawi zonse. Kwa zaka mazana angapo chikopa cha ku Russia, chofufutidwa n'kupakidwa mafuta a phula la birch kuti chisalowe madzi ndiponso chisadyedwe ndi tizilombo, chinali cha mtengo wapatali ku Ulaya konse, ndipo ankapangira nsapato, zikwama ndi zikuto za mabuku. Sitima ya Metta Catharina, imene inamira pafupi ndi Plymouth ku England mu 1786, inanyamula zikopa zimenezi. Itapezeka mu 1973, zikopa zambiri zinali zisanaole, moti amisiri anasokera nsapato. Fungo la chikopa chimenechi ndi limene Ernest Beaux anapangira Chanel m'zaka za m'ma 1920 pa dzina la Cuir de Russie, ndipo kampani ya Caron inali itatulutsa kale Tabac Blond mu 1919, nthawi imene akazi a ku Paris anayamba kusuta poyera. Nanga utsi wa lubani? Anthu miyandamiyanda amaima mkati mwake m'matchalitchi ndi m'makachisi ndipo palibe amene amautcha wonyansa; Bertrand Duchaufour anauika m'botolo mu 2002 monga Avignon wa Comme des Garçons. Mphuno imaphunzira. Chimene lero mwachitcha nyumba yopsa, mukachivala kangapo mudzayamba kusiyanitsamo khungwa, chikopa ndi utomoni, ndipo mukafika pamenepo mawu akuti "kupsa" sakwananso kufotokoza zimene mukumva.

Ena otsutsa ndi aja a wotchi ndi mtunda, ndipo ndi amene akulamulira msika lero. Iwo amati botolo la niche limadula kuwirikiza kangapo kuposa perefyumu wamba, choncho wogula ali ndi ufulu woyembekezera kuti fungolo likhale pathupi tsiku lonse ndi kuti anthu alimve. Perefyumu amene pofika masana wabisala pakhungu, iwo amati, ndi madzi odula. Palibe angatsutse kuti munthu apeze zolingana ndi ndalama zake. Komabe tione kaye chimene chimachitika pamene wina akuti perefyumu wake watha. Mphuno ya munthu imasamala zatsopano. Fungo limene silikusintha imasiya kuliuza ubongo pakapita mphindi zochepa. N'chifukwa chake simumva fungo la nyumba yanu, pamene mlendo amalimva akangolowa. Kawirikawiri amene akudandaula kuti watha, mnzake wa desiki yoyandikana akumumvabe bwinobwino. Maperefyumu a utomoni ndi phula ali m'gulu la okhalitsa kwambiri. Chimene amachita maola akamapita ndi kuyandikira thupi. Ndipo apa mfundo ya otsutsawa imawatembenukira. Perefyumu wofuula liwu limodzi kuyambira m'mawa ndi amene mphuno ya mwini wake imamutaya msanga, mpaka mwiniyo amawonjezera kupopera osadziwa kuti anzake akutsamwa. Wosintha amadzutsa mphuno nthawi iliyonse imene chinthu chatsopano chatulukira, kotero womuvala amakumana naye kangapo pa tsiku. Ngati funso ndi lakuti ndani wapeza zolingana ndi ndalama zake, ndi wachiwiriyu.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi njira imene opanga akuyankhira pempho la kufuulali. Pali mamolekyu opangidwa m'fakitale a fungo la mtengo wouma, monga Ambrocenide wa kampani ya Symrise ndi Norlimbanol wa Firmenich (lero dsm-firmenich), amene mphamvu yawo ndi yodabwitsa ndipo amakakamira pansalu kwa nthawi yaitali. Sindikudana ndi zopangidwa m'fakitale. Vanillin yemwe ndamutamanda uja anapangidwa koyamba m'labotale mu 1874, ndipo popanda iye ndi anzake a m'fakitale monga coumarin, Iso E Super ndi Ambroxan, maperefyumu amakono sakanakhalako. Vuto ndi muyezo. Pang'ono chabe pa mamolekyu amphamvuwa pamanyamula utsi n'kuupatsa mpata wopuma. Akachuluka amaphimba zonse, ndipo ola likatha maperefyumu a mayina osiyana ndi mabotolo osiyana amasanduka fungo limodzi lobaya mphuno limene silisunthanso mpaka usiku. Pa wotchi apambana, pa mtunda apambana, koma labdanum, benzoin ndi vanila amene wopanga anaikamo sadzamveka, chifukwa pamwamba pawo pakhala chinthu chimene sichichoka. Kuweruza perefyumu ndi mtunda kuli ngati kuweruza woyimba ndi kukula kwa sipika. Ndipo tisaiwale kuti fungo lofika kuseri kwa chipinda limafikira anthu amene sanalisankhe: wa mphumu, wa mutu waching'alang'ala, mayi woyembekezera amene chilichonse chikumuchititsa nseru. Perefyumu wofunda amene watsikira pakhungu amamveka kwa munthu amene mwamulola kukuyandikirani, ndipo ine ndimaona kuti umenewu ndi ulemu, osati kufooka.

Pali enanso, odekha bwino, amene amati perefyumu wosasintha ndi wachilungamo: chimene wanunkhiza m'sitolo ndi chimene upite nacho kunyumba, pamene wosintha akhoza kukunyenga. Mantha awo ndi omveka, koma chinyengo chimene akuopacho chimayenda mbali inayo. Popeza ogulitsa amadziwa kuti ambiri amagula m'mphindi zoyamba, chiyeso chimakhala chokongoletsa zapamwamba n'kusiya pansi zinthu zozizira zimene wogula adzazidziwe ali kunyumba. Perefyumu wa utsi amaika patsogolo chimene n'chovuta kuchikonda, zokoma n'kuzisunga kumapeto. Ngati pali wonyenga, si iyeyu. Kwa amene amafunadi fungo limodzi lokhazikika, alipo maperefyumu abwino otero ndipo sindikuwanyoza. Ndikungokana kuti muyezo wawo ukhale woweruzira mtundu wina.

Nkhani ya maperefyumu otengera ndi yovutirapo. Lero makina a gas chromatography amatha kugawa perefyumu n'kuonetsa mamolekyu ambiri amene alimo, ndipo makampani ena amapanga ofanana nawo pa mtengo wotsika kwambiri. Aventus wa Creed, wa mu 2010, amene anatchuka ndi kautsi ka birch pansi pa chinanazi, watengeredwa kambirimbiri. Makhoti nawo sagwirizana: mu June 2006 khoti lalikulu la ku France linagamula kuti fungo silitetezedwa ndi lamulo la umwini wa zaluso, ndipo patangopita masiku ochepa khoti lalikulu la ku Netherlands, pa mlandu wa Lancôme ndi Kecofa, linagamula kuti likhoza kutetezedwa. Otsutsa amafunsa kuti ngati wotengera akununkhira mofanana, bwanji kulipira dzina? Sindiweruza munthu amene thumba lake lamutuma kwa wotengera, ndipo ena mwa otengerawa ndi opangidwa bwino. Koma mawu akuti "mofanana" amafuna funso lina: pa ola liti? Kufananitsa kumene timaona pa mavidiyo ndi kwa timapepala tiwiri, pa mphindi imodzi. Utomoni wachilengedwe ngati labdanum uli ndi mamolekyu ambirimbiri, ena olemera kwambiri ndi ena ochepa kwambiri moti makina sawagwira bwino, ndipo amenewa amathandiza kusalaza njira yochoka ku utsi kupita ku kufunda. Wotengera akhoza kufanana pa chiyambi kapena pa mathero koma n'kudumpha pakati, kapena kudzaza pakatipo ndi mamolekyu ofuula aja. Ikani mmodzi pa mkono uwu, wina pa mkono uwo, mukhale nawo mpaka madzulo. Mukapeza kuti akuyenda limodzi njira yonse, gulani wotsika mtengoyo ndi mtima woyera. Chokhacho dziwani kuti wotengera amadikira kuti wina ayambe waika ndalama zake pa fungo limene msika unkaliopa, ndipo tonse tikamagula kwa iye yekha, woyambayo adzasiya kuyesa zoopsa.

Palinso amene amati zonse za niche ndi njira yotsatsira malonda chabe. Amakumbutsa mmene makampani akuluakulu anagulira timakampani totere: kuti mu 2014 Estée Lauder inalengeza kugula Le Labo ndi Frédéric Malle, kuti Puig inatenga L'Artisan Parfumeur mu 2015 ndi Byredo mu 2022, ndi kuti Kering inagula Creed mu 2023. Amawonjezera kuti akatswiri ambiri amene amapanga maperefyumu amenewa ndi olembedwa ntchito ku makampani akuluakulu a fungo monga Givaudan, IFF, Symrise kapena dsm-firmenich, komwenso kumachokera fungo la sopo ndi la mafuta odzola. Zonsezi n'zoona, ndipo zikundithandiza. Ngati dzina la pabotolo, kuchepa kwa masitolo ndi kukwera kwa mtengo sizitsimikizira kalikonse, chotsala choti tidalire ndi khungu ndi maola. Bvlgari Black sanali wa niche ayi, ankapezeka m'masitolo akuluakulu, koma amayenda kuchokera ku fungo la labala ndi tiyi wofukizidwa utsi mpaka ku vanila wofatsa mwa luso limene mabotolo ambiri odula salifika. Chimene timakampani tating'ono tinachita bwino, pamene tinachita bwino, ndi kulola wopanga kuyamba ndi chinthu chimene gulu la oyesa malonda likanachikana pa mphindi yoyamba. Ufulu umenewu ndi umene uli pa chiopsezo, kaya mwini kampani ndi ndani, ogula akamangofunsa za maola ndi mtunda.

Ndisanamize munthu kuti perefyumu aliyense wa utsi ndi wabwino. Alipo amene wopanga anangothira cade wambiri kuti adabwitse anthu, ndipo madzulo akadali phulusa lozizira lomwe lija la m'mawa. Alipo ena amene utsi wawo umatha m'mphindi 10 n'kusiya shuga yekhayekha, kusonyeza kuti unaikidwa ngati nyambo. Onse awiriwa alephera pa chinthu chimodzi: alibe pakati. Wabwino mumamudziwa pa ola lachiwiri ndi lachitatu, pamene utsi sunachoke koma kufunda kwafika kale, ndipo simungathe kunena kuti ichi chathera pati, icho chayambira pati. Nyengo nayo imalowererapo. Kukatentha zonse zimauluka mofulumira ndi mokweza, moti kusintha kwa tsiku lonse kukhoza kupanikizika m'maola ochepa ndipo phula limaluma kwambiri. Kukazizira utomoni umachedwa kumasuka ndipo utsi umakhala woyera bwino. Khungu louma limataya fungo msanga kuposa lonyowa ndi mafuta. Choncho kuyesa kamodzi sikukwana, ndipo akulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa amene amalankhula za maperefyumu pa intaneti, pempho langa ndi lakuti mutiuze zimene munamva pa ola loyamba, pa lachitatu ndi madzulo, ndi nyengo imene munavalira. Nambala ya maola yokha situuza ngati maolawo anali okoma kapena ozunza. Kwa ogula, makampani ambiri a niche amagulitsa timabotolo toyesera ta mililita imodzi kapena awiri, tokwana kuvala masiku angapo, ndipo ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi ya botolo limene lingadzakhale pa shelefu osagwidwa. Wogulitsa amene akukana kukupatsani kapena kukugulitsani kabotolo koyesera, koma akufuna mulipire mamililita 100 mutangonunkhiza kapepala, musiyireni botolo lakelo.